Geti yogawa mabotolo ikupana mabotolo masana okhaokha

Sipanala 17, Lachiwiri 15:40

Akuluakulu ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Ndili pa kafakitale ka mafuta ophikira a mpendadzuwa kuno ku Salima. Mabotolo a lita imodzi akachoka pa makina otsekera amayenda mzere umodzi pa tcheni ya pulasitiki, kenako amafika pa geti yomwe imawagawa m'mizere iwiri, 6 kumanzere, 6 kumanja, kuti akakulungidwe 12 pamodzi. Getiyo ndi njanji ziwiri zomangidwa pa pini kumbuyo, kutsogolo kwake zimakankhidwa ndi silinda ya mpweya ya 32 mm. Sensa imawerenga mabotolo, ikafika 6 valavu yotumiza mpweya ku silinda imasintha.

M'mawa imayenda ngati yatsopano. Ikangokwana cha m'ma 2 koloko imayamba kupanikiza botolo loyamba la gulu latsopano pa mphuno ya chitsulo chogawa mizere. Botolo limagwa, anzake n'kuunjikana, lina n'kuphulika. Dzulo tataya 14, ndipo ntchito yopukuta mafuta pa tcheni mukuidziwa. Ndasintha valavu, ndasintha sensa, palibe chasintha. Anyamata olongedza ayamba kale kunena kuti pali wina wakhwimira makinawa, bwana nayenso akuti tichotse geti tiikepo munthu azigawa ndi manja.

Mnyamata wa ku Senga Bay, 15:52

Akulu, padenga pali malata owala aja? Ku Salima Technical tinaphunzirako kuti dzuwa likalunjika m'diso la sensa limaisokoneza. Mwina masana limafika pomwepo.

Wa ku Chipoka, 15:58

Madzi m'mpweya amenewo achimwene. Kunyanja kuno mpweya ndi wachinyezi, kompresa ikatentha thanki imadzaza madzi. Mumakhetsa kangati?

Mayi wa Magetsi, 16:10

Tisanathamangire kutali, achimwene a Sipanala tiyankheni izi. Ikapana botolo, kuwerenga kumakhala kolondola kapena mzere wina umalandira 5 wina 7? Chachiwiri, pali china chilichonse chomwe chimaimitsa mabotolo geti isanasunthe, kapena geti imangodalira mpata womwe ulipo pakati pa botolo ndi linzake?

Sipanala 17, 16:25

Malata owala kulibe, komabe ndinaphimba sensa ndi katoni sabata yatha kuti ndione, zinali chimodzimodzi. Madzi ndimakhetsa m'mawa uliwonse, amatuluka ndithu koma osati ochititsa mantha. Mayi, kuwerenga kuli bwino, 6 ndi 6 nthawi zonse. Choimitsa mabotolo palibe. Tcheni ya pa geti imathamanga kuposa yomwe imabweretsa mabotolo, ndiye amatalikirana okha. Sensa ikaona botolo lachi 6, PLC (kakompyuta kolamulira makina) imadikira kanthawi kuti lidutse, kenako imalamula valavu.

Mayi wa Magetsi, 16:31

Ndiye sensa isiyeni, munaisintha yabwinobwino. Ngati kuwerenga kuli bwino, lamulo likuchoka pa nthawi yake. Chomwe chikuchedwa ndi geti.

Madala a ku Dwangwa, 17:05

Mayi anena zoona. Mphwanga, tisalote, tiyeze. Ndipatse zinthu zitatu: liwiro la tcheni ya pa geti, mpata pakati pa mabotolo, ndi nthawi yomwe geti imatenga kuchoka mzere wina kufika wina.

Liwiro: lemba chizindikiro pa tcheni ndi maka, yeza mita imodzi, werenga masekondi. Mpata: imitsa makina mabotolo ali pomwepo, yeza ndi tepi. Nthawi ya geti ndi yomwe imavuta chifukwa maso sangaigwire, koma foni yako imagwira. Jambula kanema wamba, amakhala ndi zithunzi 30 pa sekondi, kenako uziyendetsa chimodzichimodzi n'kuwerenga kuchokera pomwe geti yayamba kusuntha mpaka pomwe yaima. Ujambule m'mawa, ujambulenso masana vuto likayamba. Kale ife tinkachita kumvetsera ndi khutu, inu muli pabwino.

Ndipo uike geji yoyezera pulesha ya mpweya pafupi ndi valavu yeniyeniyo. Geji ya pa thanki ya kompresa imakuuza za kwawo ku thanki, za pa geti siidziwa.

Wa ku Kaphatenga, 18:20

Ine ndinene mosapsatira. Mageti a mpweya ndi akale. Uzani bwana agule chogawira cha servo, choyendera mota ya magetsi, chimasuntha pamodzi ndi mabotolo osaimitsa mzere. Ndinachionapo ku Johannesburg chikugawa mizere inayi osagwetsa ngakhale limodzi.

Mayi wa Magetsi, 18:34

Chimenecho n'cha mizere yothamanga mabotolo mazanamazana pa mphindi. Apa tikukamba kafakitale, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, drive yake, bokosi lolamulira motayo, ikadzapsa mudzaima miyezi. Silinda ndi valavu mumazipeza ku Lilongwe n'kubwerera tsiku lomwelo.

Wa ku Chipoka, 18:50

Nanga bwanji osachotsa mpweya wonsewo? Kukulitsa tcheni, kuika chitsulo chosongoka pakati, mabotolo akaunjikana amadzigawa okha. Pa mabotolo a madzi ndinapangapo, mpaka lero palibe waya kapena payipi pamenepo.

Sipanala 17, 19:02

Ndinaganizirapo achimwene, koma zimenezo zimatheka ndi mabotolo obulungira omwe amagudubuzika pa anzawo. Athuwa ali ndi makona anayi, akaunjikana amakolana n'kutseka njira. Ndiponso makina okulungira amafuna 6 ndi 6 ndendende. Mawa ndiyeza monga anenera madala.

Sipanala 17, Lachitatu 15:15

Ndabwera nazo. Tcheni ikuyenda mita imodzi pa masekondi 5, ndiye kuti 200 mm pa sekondi. Mpata pakati pa mabotolo ndi 90 mm, nthawi zina 80. Kanema wa 9 koloko m'mawa: geti yatenga zithunzi 9. Kanema wa 14:30: zithunzi 16, ndipo ikuoneka kuti ikuyamba, n'kukhala ngati yakakamira, kenako n'kulumpha.

Geji ndiye yandidabwitsa. Pa thanki ikuonetsa 7 bar. Pa valavu m'mawa 6, koma masana muvi ukungovina pakati pa 3 ndi 4.5.

Madala a ku Dwangwa, 15:40

Eya, ndi imeneyo nkhani. Mpata wa 90 mm pa liwiro la 200 mm pa sekondi ukukupatsa 0.45 ya sekondi, ukakhala 80 ndiye 0.4. M'mawa geti ikutenga 0.3, ikukwanira koma mopereweza. Masana zithunzi 16 ndi kupitirira theka la sekondi. Botolo likufika geti ili pakati pa ulendo, yaloza pa mphuno ya chitsulo. Lingalowe kuti?

Taona mphamvu yake. Silinda ya 32 mm pa 6 bar imakankha pafupifupi makilogalamu 49. Pa 3 bar yatsala ndi theka. Tsono funso ndi lakuti, ndani akumwa mpweya wako masana? Muvi ukamavina choncho ndiye kuti pali china chomwe chikukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya. Kutayikira kwa payipi sikuvina, kumangotsitsa basi. Tsata payipi ndi mapazi kuchokera pa geti mpaka ku kompresa, uone nthambi iliyonse.

Mayi wa Magetsi, 15:55

Onjezani ichi: mavalavu ambiri a 5/2, omwe amatumiza mpweya mbali iyi kapena inayo ya silinda, amasuntha mkati mothandizidwa ndi mpweya womwewo, solenoid (koyilo ya magetsi) imangotsegula kanjira. Pulesha ikatsikira cha ku 3 bar valavu imayamba kuzengereza, ndiye kuchedwa kumakhala pawiri, kwa valavu ndi kwa silinda. N'chifukwa chake yatsopano ija sinasinthe kanthu.

Kulumpha kuja kwandikayikitsa. Taonani ma flow control a pa silinda, timavalavu tochepetsa liwiro lake. Akuchepetsa mpweya wotuluka kapena wolowa?

Sipanala 17, 16:48

Wapezeka wakuba! Kuseri kwa khoma kuli pampu ya diaphragm yomwe imakweza mafuta kuchoka ku fyuluta kupita ku thanki ya pamwamba. Imayendera mpweya. Kale ankaiyatsa usiku, koma mwezi watha anasintha, akumaiyatsa akabwera kokadya masana kuti thanki idzaze ya mawa. Ndipo amene anailumikiza anangodula payipi ya 8 mm yomwe imabwera ku geti n'kuikapo T. Ndaima pamenepo, pampu ikati phwa, muvi pansi, ikati phwa, muvi pansi. Ndaizimitsa mphindi 20, palibe botolo lagwa.

Ine ndakhala masabata atatu ndikuyang'ana geti, osaganiza zozungulira khoma.

Za ma flow control mayi, sindikudziwa kusiyanitsa. Ndi timakona tiwiri tomangidwa pa silinda penipeni.

Mayi wa Magetsi, 17:03

Pathupi pake pamakhala chizindikiro, koma chikafufutika yesani chonchi. Tsekani pang'ono ka kumbuyo kwa silinda. Ngati chachedwa ndi kubwerera kwa ndodo, ndiye kuti kakuchepetsa wotuluka, zili bwino. Ngati chachedwa ndi kutuluka kwa ndodo, kakuchepetsa wolowa. Pa silinda yokankha mbali zonse ngati yanuyo timafuna kuchepetsa wotuluka, chifukwa mpweya wotsalira kutsogolo kwa pisitoni umakhala ngati khushoni, ndodo imayenda mosalala. Mukachepetsa wolowa, silinda imadikira pulesha ikwane, kenako imalumpha ngati chule. Timakonati timafanana maonekedwe, m'sitolo akhoza kukupatsani mtundu winawo osadziwa.

Chonde musanalowetse dzanja pa geti tsekani mpweya ndi kuutulutsa wonse. Kuzimitsa magetsi kokha sikuchotsa makilogalamu 49 aja.

Mnyamata wa ku Senga Bay, 17:10

Ndiye angobweza pampu usiku nkhani yatha?

Madala a ku Dwangwa, 17:42

Lero itha, koma idzabwera ndi nkhope ina. Mawa wina adzalumikiza mfuti yopemerera fumbi, kapena pini ya geti idzauma ndi mafuta osakanikira fumbi, geti n'kuchedwanso. Makinawa akuyenda mwa chikhulupiriro: PLC imalamula, n'kungoganiza kuti geti yafika. Palibe chomwe chimaiuza.

Ndikanakhala ine ndikanachita izi. Pampu ipatsidwe payipi yakeyake kuchokera ku thanki, yokulirapo, 12 mm. Pafupi ndi valavu ya geti paikidwe kathanki ka malita 5 kapena 10, polowera pake non-return (valavu yosalola mpweya kubwerera), kuti wina akakoka mpweya geti ikhale ndi wakewake wosungira. Kathankiko kakhale kogula kopangidwira pulesha, osati kowotcherera pa Kamuzu Road kapena botolo la gasi lakale, ndaonapo zoopsa.

Koma chachikulu ndi ichi: kasilinda kakang'ono koimitsa mabotolo geti isanafike, kokhala ndi labala kumutu kuti kasaboole botolo, ndi ma reed switch awiri (tisensa tomva maginito a pisitoni) pa silinda ya geti. Botolo lachi 6 likadutsa, choimitsa chigwire lachi 7, geti isunthe, reed switch inene kuti ndafika, ndiye choimitsa chimasule. Pulesha ikatsika mzere ungochedwa pang'ono, osaphwanya kanthu. Taima ya mu PLC imangowerenga nthawi, siona geti.

Wa ku Kaphatenga, 18:05

Choimitsa chimabweretsa vuto lake madala. Mabotolo akaima tcheni ikupitirira pansi pawo, akumbuyo amakankha, lakutsogolo limafinyika, makamaka mabotolo opyapyala a masiku anowa. Akamasulidwa amathanso kugwa chagada.

Madala a ku Dwangwa, 18:21

N'zoona, pa mzere wautali. Apa akuima theka la sekondi, oyembekeza sangapitirire awiri kapena atatu. Chigwire botolo cha m'munsi pomwe lili lolimba, osati pamimba, ndipo njanji zikhale ziwiri mbali iliyonse, ina pansi ina cha m'mapewa. Mphwanga, taona ngati silinda yako ili ndi maginito mkati, apo ayi reed switch siimva kanthu. Ikakhala ilibe, ika ma proximity awiri, masensa omva chitsulo chikayandikira, oyang'ana chitsulo cha geti.

Sipanala 17, Lolemba 16:30

Ndikupatseni lipoti akuluakulu. Ma flow control analidi ochepetsa wolowa onse awiri, ndasintha. Pampu ili pa payipi yake. Pini ya geti ndinaimasula, bushi inali itadyeka mbali imodzi, ndasulitsa ina. Geti tsopano ikutenga zithunzi 8 m'mawa ndi masana omwe, pampu ikuyenda. Kuyambira Lachisanu sitinataye botolo.

Silinda ili ndi maginito, ma reed switch ndaika ndipo ndalemba mu PLC kuti geti ikapanda kufika mkati mwa 0.4 ya sekondi, tcheni iime ndi kuyatsa nyali. Kathanki ndi choimitsa bwana akuti tidikire mwezi uthe, poti makina akuyenda sakuonanso changu. Anyamata aja akuti ndinapita kwa sing'anga Loweruka.

Mayi wa Magetsi, 16:44

Kuimitsa tcheni n'kwabwino, koma mota siima pomwepo, botolo lidzayendabe pang'ono. Yesani dala: tsitsani regulator ya pulesha kufika 3 bar ndi mabotolo odzaza madzi, muone ngati likuima lisanafike pa mphuno. Likafika, sunthirani sensa kumbuyo kapena fupikitsani nthawi yoimira pa inverter yolamulira liwiro la mota.

Sipanala 17, 16:51

Ndiyesa mawa 6 koloko asanayambe kudzaza. Madala, non-return ija ikhale ya saizi yanji pa payipi ya 8 mm?

Madala a ku Dwangwa, 17:02

Ya kota inchi ikwana. Uonetsetse muvi wake waloza ku kathanki.