Thandizeni, mankhwala a sopo, a nsalu ndi a juwisi andisokonekera, onse ndi oyera

Wofunsa: Moni nonse pa gulu pano, a admin chonde ndivomerezeni positiyi ndili pa vuto. Ine ndimapanga sopo wochapira, posachedwapa ndayambanso tie and dye, nde pambali ndimapanga juwisi ndi timakeke. Ndinaoda mankhwala kwa munthu wina pa intaneti, caustic soda, soda ash, baking soda, citric acid, alum ndi borax. Abwera mu mapaketi 6 a pulasitiki, maina anangolemba ndi maka pamwamba, nde mmene amakhulana mu katoni muja zolemba zonse zafufutika, paketi imodzi yokha ndi imene ikuoneka "so" basi kaya ndi soda uti. Munthuyo foni sakuyankha. Paketi imodzi muli tizibenthu tophwatalala ngati mamba a nsomba, ziwiri muli timibulu tonyezimira, zitatu zinazo ndi ufa woyera. Ndingawasiyanitse bwanji ndili pakhomo? Nanga soda ash angalowe mmalo mwa caustic pa sopo poti onse ndi soda? Komanso citric acid ndikamupeza ndingathire mu juwisi? Juwisiyo ambiri omwe amagula ndi ana nde mtima sukukhazikika.

Membala: Ingolawani pang'ono kunsonga kwa lilime amayi, wowawasa ndiye citric acid, enawo muona pambuyo

Mphunzitsi wa sayansi: Ayi achimwene musawauze zimenezo chonde, mmenemo muli caustic soda, kachibenthu kamodzi pa lilime ndi bala lomwelo, ndipo borax naye si wa mkamwa. Amayi musalawe olo kugwira ndi manja. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ana akhale kutali, mutenge timakapu 6 toonekera mkati ndipo paketi iliyonse ikhale ndi supuni yakeyake ya pulasitiki.

Wa tizibenthu uja ndikukhulupirira ndi caustic. Ikani tiwiri titatu pa mbale ya pulasitiki mudikire mphindi zochepa, muona tikuyamba kunyowa tokha chifukwa caustic amakoka chinyezi cha mumpweya. Mukathira theka la supuni mu madzi ozizira kapu imatentha kunja kwake. Mukatsimikiza mulembe dzina nthawi yomweyo ndikutseka bwinobwino, akakhala pamtunda amafooka, sopo wanu sadzalimba.

Pa ufa utatuwo dontheza viniga pa kaufa pang'ono. Soda ash ndi baking soda achita thovu, borax angoti zii. Mukafuna kutsimikiza borax musungunule mu madzi otentha, mmadzi ozizira amavuta, kenako thirani pa glue woyera wa kusukulu uja, agwirana nkukhala chinthu chotamuka. Timibulu tiwiri tija ndi citric acid ndi alum. Citric amasungunuka msangamsanga olo muthire wambiri, alum mmadzi ozizira amachedwa. Sungunulani aliyense payekha nde muthiremo madzi osungunuliramo umodzi mwa maufa awiri ochita thovu aja, citric angochita thovu madzi nkukhalabe oyera mbee, pomwe alum atulutsa zoyera zalendalenda zoyandama kenako zidikha pansi. Zalendalenda zimenezo ndi zomwe zimagwira matope, nchifukwa chake alum amayeretsa madzi akuda, koma majeremusi sapha ayi, madziwo amafunikabe klorini kapena kuwiritsa.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi ndalemba zonse. Nanga awiri a thovu aja ndiwasiyanitsa bwanji

Mphunzitsi wa sayansi: Ngati mungapeze timapepala toyezera pH, muyezo wosonyeza mphamvu ya asidi kapena ya soda, nkosavuta, baking soda amakhala cha pa 8, soda ash cha pa 11. Popanda timapepalato phikani kabichi wofiira mutenge madzi ake, baking soda awasandutsa abuluu, soda ash awasandutsa obiriwira. Komanso soda ash wouma akamasungunuka madzi amafunda pang'ono, baking soda ayi.

Mayi wa sopo: Achemwali funso lanu lachiwiri lija yankho ndi ayi, soda ash sangakupangireni sopo wa mtanda, muononga mafuta anu pachabe mupeza phala losauma. Chimene chimasandutsa mafuta kukhala sopo ndi caustic basi, soda ash timangoonjezera mu sopo wa ufa kapena wamadzi kuti azichotsa litsiro bwino pa madzi ovuta thovu. Ndipo caustic wake muziyeza pa sikelo osati pa kapu chifukwa mafuta aliwonse ali ndi muyezo wake, kilo imodzi ya mafuta a palm imafuna magalamu pafupifupi 141, a mpendadzuwa cha mu 134, a coconut amadya wambiri kupitirira 180, nde mukasintha mafuta osasintha muyezo sopo amatuluka woyabwa kapena wofewa. Thirani caustic mu madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa caustic, amatha kuwira nkukuthovukirani kumaso. Chidebe chikhale cha pulasitiki yolimba kapena stainless steel, aluminiyamu musayerekeze, amaidya nkumatulutsa mpweya woti ukhoza kuyaka. Sopo akatuluka mu chikombole musiyeni masabata 4 mpaka 6 aume.

Membala wina: Caustic akakudonthererani pakhungu thirani viniga msanga, asidi amapha mphamvu yake

Mayi wa sopo: Abambo nkhani imeneyi imafala kwambiri koma ndi yoopsa. Pakhungu ndi madzi okhaokha, ambiri, oyenda, mphindi 15 mpaka 20, chovala chomwe chanyowa muvule. Mukamafunafuna botolo la viniga caustic akhala akudya mnofu, ndipo viniga pa bala amaonjezera ululu. Viniga ndi wopukutira pa tebulo. Likakhala diso tsukani osalekeza kenako thamangirani kuchipatala olo mukumva ngati zapola.

Mphunzitsi wa sayansi: Amayi a sopo anena zoona za aluminiyamu, ku mafakitale caustic yemweyu ndi amene amasungunulira miyala ya bauxite pofuna kupeza aluminiyamu, nde poto wanu sangapirire. Caustic ameneyu amapangidwa kuchokera ku madzi a mchere wamba podutsitsamo magetsi, klorini amatulukira pomwepo. Soda ash njira yake ndi ina, wina amakumba monga ku Lake Magadi ku Kenya ndi ku Wyoming ku America, wina amapanga ndi mchere ndi miyala ya laimu pa njira imene anayambitsa Ernest Solvay wa ku Belgium mzaka za m'ma 1860, ndipo wambiri amathera ku mafakitale a magalasi ndi mabotolo.

Wogwira ntchito ku fakitale ya zakumwa: Ine ndiyankhe la juwisi lija chifukwa ndi limene landikhudza. Amayi olo mumupeze citric acid wanu mosakaika konse, mu juwisi musathire. Citric acid payekha alibe vuto, ndi E330 uja mumaona kuseri kwa mabotolo a zakumwa ndi maswiti, masiku ano sachokeranso ku mandimu amapanga pofufumitsa shuga ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus niger. Koma alipo wa food grade, woyezedwa kuti ndi woyenera kudya, ndi wina wa ntchito za mafakitale amene sanayezedwe kuti munthu adye, pamaso amafanana ndendende. Ndiye ganizani munthu amene wapakira caustic, borax ndi citric pa tebulo limodzi, mukudziwa bwanji kuti chotapira chinali chosiyana? Kwathu ku ntchito thumba likabwera lopanda lebulo, batch number ndi tsiku lothera ntchito silidutsa olo pa geti, limabwerera. Wa juwisi ndi baking soda wa makeke mugule wina wotsekedwa ku fakitale wolembedwa food grade. Uyu muli nayeyu sanatayike, ndi wabwino kwambiri pochotsa zoyera zija zimamata mu ketulo, supuni ziwiri mu madzi muwiritse mutsukuluze yayera.

Membala wachitatu: Ine ndinamva kuti borax pang'ono amalimbitsa zakudya zisaonongeke msanga, ndi zoona?

Wogwira ntchito ku fakitale ya zakumwa: Kalekale ankatero koma maiko ambiri analetsa, amaononga thupi makamaka la ana ndi amayi oyembekezera. Asayandikire chakudya.

Wowotcherera: Borax ife ndi wa pa moto akuluakulu, tikamalumikiza brass kapena mkuwa timaviika ndodo yotentha mu ufawo, amasungunuka nkuyeretsa chitsulo kuti chigwirane bwino. Ena amasakaniza ndi shuga kuphera nyerere koma pakhale posafika ana ndi ziweto. Borax wambiri amachokera ku Turkey ndi ku California

Mayi wonyika nsalu: Poti mwangoyamba tie and dye ndikuuzeni ichi mwana wanga, soda ash ndi alum ntchito zawo ndi zosiyana musazisinthanitse. Ngati utoto wanu ndi wa reactive uja wa madzi ozizira pa nsalu ya thonje, mukufunika soda ash, kapu imodzi mu malita 4 a madzi ofunda, nsalu ikhalemo mphindi 20, mufinye nde muzithira utoto, mukulunge mu pulasitiki igone mpaka mawa musanatsuke. Mukaika baking soda mmalo mwake mphamvu imachepa, nsalu imaoneka bwino tsiku loyamba koma kuchapa kawiri yasuluka kasitomala wabwerera. Alum ndi wa utoto wochokera ku zomera, makungwa, masamba, makoko a anyezi, amathandiza utoto kumamatira, muyezo wake magalamu 10 mpaka 15 pa magalamu 100 a nsalu youma, ndipo amagwira bwino pa ubweya ndi silika kuposa thonje.

Wofunsa: Ndabweranso abale. Caustic wapezeka, ananyowadi yekha pa mbale ndipo kapu inatentha. Alum watulutsa zalendalenda zija, citric ndi borax nawonso ndalemba maina pa tepi ndamata pa zidebe zotseka. Citric ndaika kwa zotsukira, wa juwisi ndigula wina monga mwanenera. Atsala awiri a thovu aja, kabichi wofiira sindinamupeze timapepala tija ndilibenso, nde ndawaika pambali kaye

Mphunzitsi wa sayansi: Poti ku makeke sapitanso, onse awiri apangeni soda ash basi. Yalani ufawo mopyapyala pa thireyi ya stainless kapena ya galasi, ikani mu uvuni pa madigiri 200 kwa ola limodzi mukutakasa apo ndi apo. Amene ali baking soda ataya madzi ndi mpweya nkusanduka soda ash, muona wapepuka pa sikelo, winayo akhalabe soda ash. Akazizira tsekerani mu chidebe chouma, onse apite ku nsalu.

Wofunsa: Thireyi yake ndingaphikirenso makeke?

Mayi wa sopo: Ayi achemwali, ziwiya za mankhwala zikhale zakezake, muzilembe ndi penti pansi pake kuti wina mnyumbamo asazitenge.