K48,000 yodikira bondi ya khonsolo: alipire ndani?

Mlembi: Muli bwanji nonse. Ndaika nkhaniyi pano kuti Loweruka tikangomanga mfundo. M'buku la banki m'khonde yathu muli motere: pa msonkhano woyamba wa Malichi panabwera anthu 9 mwa 24. Anthu 7 anavomera kuti K48,000 ipatulidwe, idikire bondi ya khonsolo ija (ngongole yomwe khonsolo ingabwereke kwa anthu) anthu akukambirana pa wailesi, yomwe akuti ndalama zake zingakumbe ngalande m'makomboni. Awiri anakana. Ndalamayo yagona ku banki Malichi, Epulo ndi Meyi. Kumayambiriro kwa Epulo membala wina anapempha ngongole ya K20,000, anabwezedwa. Kumayambiriro kwa Meyi wina anapempha K16,000, nayenso anabwezedwa. Mafunso ndi awiri: ndalamayi idikirebe kapena ibwerere m'bokosi, ndipo chiwongoladzanja chomwe chatayika alipire ndani.

Amayi a pa Soweto: Masamu ake ndi osavuta. K48,000 pa 10 peresenti ndi K4,800 pamwezi. Miyezi itatu, K14,400. A msungichuma abweze imeneyo tisanafike pogawana.

Msungichuma: Amayi, ndalama siinasowe ngakhale ngwee imodzi, sitetimenti ya ku banki ndaitumiza. Msungichuma amatsata zolembedwa m'buku la misonkhano, ndipo zinalembedwa kuti ipatulidwe.

Wowerengera mabuku: K14,400 ndi yolakwika, Amayi. Banki m'khonde siipindula pa ndalama yomwe ili m'bokosi, imapindula pa yomwe munthu wabwereka. M'Malichi palibe anabwezedwa, choncho mwezi umenewo sitinataye kanthu. K20,000 ikadabereka K2,000 mu Epulo ndi K2,000 mu Meyi. K16,000 ikadabereka K1,600 mu Meyi. Zonse pamodzi K5,600. K12,000 yotsalayo palibe anaifunsa. Tikangane pa K5,600.

Bambo a ku Kanyama: Musanatipachike ife asanu ndi awiri, mverani chifukwa chake. Mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba ku Kanyama, Misisi, John Laing ndi Chawama, zimbudzi n'kusefukira, kenako kolera, monga zinachitikira mu 2017 mpaka 2018 ndi mu 2023 mpaka 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala. Ngalande ya Bombay inamangidwa ndi thandizo la America, gawo la madola pafupifupi 355 miliyoni a Millennium Challenge. Inali mphatso, ndipo mphatso sibwera chaka ndi chaka. CDF, ndalama yachitukuko yomwe boma limapereka ku dera la phungu aliyense, inakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, koma ndalama yomweyo ndi ya makalasi, madesiki, fizi ya ana ndi ngongole za magulu. Ngalande yaikulu imadutsa m'madera a aphungu angapo ndipo imafuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Bondi ndiyo njira yake: khonsolo ibwereke kwa ife lero, imange, izibweza pang'onopang'ono. Johannesburg inachita zimenezi mu 2004. China n'chakuti 10 peresenti yomwe tikunyadirayi imachoka m'matumba mwathu momwe. Bondi imabweretsa ndalama yakunja kwa gulu.

Amalume a ku Matero: Mfundo yomalizayo ndi yoona, Bambo, ndipo anthu ambiri saiona. Koma tiyambe ndi funso lomwe msonkhano wa Malichi sunafunse: prospectus ili kuti? Bondi yogulitsidwa kwa anthu imalembetsedwa kaye ku Securities and Exchange Commission motsata lamulo la 2016, ndipo pamatuluka prospectus, chikalata chonena kuchuluka kwa ndalama, zaka zake, chiwongoladzanja, ntchito yomwe ndalamazo zikagwire, ndi gwero lobwezera. Khonsolo nayo siingangodzuka n'kubwereka, pamafunika chilolezo cha boma. Pa msonkhano uja palibe anabweretsa pepala lililonse. Munapatula ndalama chifukwa cha mtsutso wa pa wailesi. Ku Dakar mu 2015 zonse zinali zitakonzeka, bondi ya mafuranki 20 biliyoni yomangira msika wa ogulitsa m'misewu, koma boma linaiimitsa patatsala masiku ochepa. Kumeneko mapepala analipo, ndipo sinatulukebe.

Bambo a ku Kanyama: Ndiye tidikire mpaka igulidwe yonse ndi mabanki?

Amalume a ku Matero: Ikadzatuluka padzakhala masiku olembetsa, ndipo gulu lomwe limatolera mwezi uliwonse lingasonkhanitse K48,000 popanda kuigoneka miyezi itatu. Koma ngakhale itatuluka mawa, ndingafunse kaye mtundu wake. Pali bondi yomwe imabwezedwa kuchokera m'thumba lonse la khonsolo: mareti a nyumba, malayisensi a bizinesi, levi ya m'misika, zikwangwani, ndi zomwe boma limatumiza. M'thumba lomwelo muli malipiro a antchito, mafuta a magalimoto a zinyalala ndi ngongole zakale, ndipo inu mumaima pamzere pamodzi ndi onsewo. Palinso bondi yomangidwa pa ntchito imodzi yobweretsa ndalama, monga msika kapena siteshoni ya mabasi, ndalama zake n'kumalowa mu akaunti yapadera yomwe trustee, woimira ogula bondi, amayang'anira, ogula bondi n'kumalipidwa zina zisanachotsedwe. Ngalande ili m'gulu loyamba, chifukwa palibe amalipira kuti madzi adutse. Phindu lake limabwera mozungulira: malo akasiya kusefukira mtengo wa nyumba umakwera, mareti n'kukwera. Koma zimenezo zimatheka pokhapokha nyumbazo zili m'kaundula wa mareti, kaundulayo akukonzedwanso nthawi ndi nthawi, ndipo eni ake akulipiradi. M'makomboni momwe ngalande ikufunika kwambiri ndi momwe mareti amavuta kutolera.

Wowerengera mabuku: Ndionjezere ndi manambala ongoyerekeza, chifukwa ngakhale ya msika siyophweka. Tinene kuti khonsolo yabwereka K30 miliyoni kwa zaka 5 pa 20 peresenti. Chiwongoladzanja chokha ndi K6 miliyoni pachaka. Kuti idzathe kubweza K30 miliyoni tsiku lomaliza, iyenera kumasunga padera pafupifupi K6 miliyoni ina chaka chilichonse. Ndi K12 miliyoni imeneyo. Msika wa mabenchi 2,000, aliyense K10 patsiku, masiku 26 pamwezi, umapereka K6,240,000 pachaka ngati onse alipira. Akatolera 60 pa 100 iliyonse, ndi K3,744,000, magetsi, madzi, alonda ndi osesa tisanachotse. Siikwana ngakhale chiwongoladzanja. Ndiye khonsolo iyenera kukweza levi, kutalikitsa zaka, kapena kupeza wina woikira kumbuyo. Bondi yachiwiri ya Johannesburg ya 2004 inafika zaka 12 chifukwa IFC, nthambi ya World Bank, ndi Development Bank of Southern Africa anavomera kuikira kumbuyo 40 peresenti yake.

Amayi a pa Soweto: Kukweza levi? Ndiye kuti chiwongoladzanja cha Bambo a ku Kanyama tidzalipira ndife a pamsika. Ndalama yakunja ija ili kuti pamenepo?

Bambo a ku Kanyama: Mudzalipira muli pansi pa denga, osati m'matope.

Wapampando: Tiyeni tilemekezane. Nkhani ya levi si ya gulu lino.

Achemwali a ku Chelstone: Ine nkhawa yanga ndi Disembala. Timagawana chaka ndi chaka, bondi imatenga zaka. Pa 20 peresenti yoyerekeza ija, K48,000 imabereka K9,600 pachaka, K4,800 miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo msonkho umadulidwa ndalamayo isanafike m'manja. Zomwe bondi imapereka pa theka la chaka, bokosi limapereka pa mwezi umodzi ngati obwereka alipo. Disembala akafika, membala wofuna kutuluka m'gulu adzafuna masheya ake onse. Tidzamupatsa chiyani, pepala? Tikhoza kugulitsa bondi kudzera kwa broker pa Lusaka Securities Exchange, koma payenera kupezeka wogula, ndipo mtengo umatsata chiwongoladzanja cha tsikulo. Bondi yathu ikamapereka 20, zatsopano zikupereka 25, ndipo yatsala ndi zaka 4, wogula amapereka pafupifupi K88 pa K100 iliyonse. K48,000 imasanduka pafupifupi K42,300, broker asanatenge yake. Zatsopano zikatsika mtengo umakwera, inde, koma banki m'khonde siyochitira juga.

Agogo a ku Chawama: Ana anga, nanga boma silibweza ngongole? Khonsolo si boma lomwelo?

Amalume a ku Matero: Ndi matumba awiri, Agogo. Ngongole ya khonsolo imakhala ya boma pokhapokha boma litasaina kuti laikira kumbuyo, ndipo zimenezo zimalembedwa mu prospectus. Popanda siginecha imeneyo, khonsolo ikalephera palibe lamulo lokakamiza Unduna wa Zachuma kukulipirani. Detroit inagwa mu 2013 ili ndi ngongole za madola pafupifupi 18 biliyoni, ndipo ena mwa ogula mabondi ake analandira zochepa kuposa zomwe anaika. Ngakhale boma limapunthwa. Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a Eurobond mu Novembala 2020, ndipo eni mabondi akunjawo anadikira mpaka 2024 kuti mgwirizano watsopano utheke. Mabondi a kwacha ogulitsidwa kuno kwathu sanalowe m'zokambirana zimenezo, anapitiriza kulipidwa. Kusiyana kumeneko n'kofunika kwa ife.

Achemwali a ku Chelstone: Palinso china chomwe chikadatigwetsa ngakhale bondi ikadakhalapo. Gulu lathu silinalembetsedwe. Kuti ligule m'dzina lake pafunika setifiketi yolembetsera gulu, TPIN (nambala ya msonkho) ya ZRA, akaunti ya ku banki m'dzina la gulu, ndi kalata yosonyeza osainira. Tikadagula m'dzina la munthu mmodzi, pamaso pa lamulo bondiyo ndi yake. Atamwalira opanda wilu, lamulo la 1989 limagawa chuma chake: 50 peresenti ana, 20 mwamuna kapena mkazi wake, 20 makolo, 10 ena omwe ankawasamala. Banki m'khonde mulibemo. Tingakapambane ku khoti ndi buku lathu, koma patapita nthawi yaitali bwanji?

Msungichuma: Pamenepo ndavomera, ndipo ndi vuto la lero, osati la bondi lokha. Akaunti yomwe K48,000 yagonamo ndi ya anthu atatu osainira, si ya gulu.

Mlembi: Tibwerere ku K5,600. Gawo 11 la malamulo athu likuti ndalama siigwiritsidwa ntchito ina kupatula kubwereketsa mamembala pokhapokha atavomera anthu 16 mwa 24. Panali 9. Chigamulo cha Malichi sichinali chigamulo. Ndipo ndinene ndekha, mlembi amayenera kuwerenga anthu voti isanachitike, koma sizinatero.

Amayi a pa Soweto: Ndiye asanu ndi awiri aja agawane. K800 aliyense, yakwana ndendende.

Bambo a ku Kanyama: Kukweza dzanja pa msonkhano kwasanduka mlandu? Anthu 15 omwe sanabwere anatumiziridwa zomwe zinakambidwa pa WhatsApp pano tsiku lomwelo. Ndani anatsutsa m'Malichi? Munayamba kulankhula mutakanizidwa ngongole.

Wowerengera mabuku: Bambo akunena zoona pang'ono. Wovota amapereka maganizo, woteteza malamulo ndi komiti. Wapampando analola voti, mlembi analemba, msungichuma anabweza anthu awiri pogwiritsa ntchito chigamulo chosakwanira. Koma K5,600 ikangotayika osabwezedwa, aliyense ataya pafupifupi K233, ena zoposerapo malinga ndi masheya, kuphatikizapo awiri omwe anakana ndi awiri omwe anabwezedwa. Zimenezo si chilungamo. Maganizo anga ndi awa: theka, K2,800, lilipidwe ndi ovota 7, K400 aliyense. Theka linalo komiti ya anthu atatu, awiri K933, mmodzi K934. Amene ali m'komiti ndipo anavotanso alipira mbali zonse ziwiri. Ndalamayi ilowe m'phindu la chaka chino, isalowe m'thumba la zadzidzidzi. Omwe sanabwere ku msonkhano opanda chifukwa chindapusa chawo cha K20 chilipo kale m'malamulo, mlembi aone ngati chinatoleredwa.

Wapampando: Ine ndinalola voti ndipo ndinavota. K934 ndi K400, ndilipira K1,334.

Bambo a ku Kanyama: K400 ndipereka, koma mfundo yanga isafe. Kuyambira Seputembala timasiya kubwereketsa ngongole zikuluzikulu, ndalama n'kumangogona mpaka Disembala. Chaka chatha zinali zingati?

Wowerengera mabuku: Pafupifupi K30,000 pofika sabata yoyamba ya Seputembala.

Achemwali a ku Chelstone: Imeneyo malo ake ndi Treasury bill, kubwereketsa boma kwa nthawi yochepa, osati bondi ya zaka. Bank of Zambia imagulitsa za masiku 91, 182, 273 ndi 364, masabata awiri aliwonse, kuyambira K1,000. Ya masiku 91 yogulidwa kumayambiriro kwa Seputembala imakhwima kumayambiriro kwa Disembala, tisanagawane. Tikaphonya n'kugula kumapeto kwa mwezi, idzakhwima Khirisimasi itadutsa, anthu atakwiya kale. Phindu ndi lochepa poyerekeza ndi bokosi, koma ndi lakunja monga Bambo akufunira. Za bondi ya khonsolo, ofuna adzapange thumba lawo lapadera, losagawidwa mu Disembala, prospectus ikadzakhala patebulo ndipo titaona maakaunti a khonsoloyo owunikidwa a zaka zitatu.

Amayi a pa Soweto: Nanga awiri omwe anabwezedwa?

Wapampando: Akhale oyamba pamzere Loweruka, K20,000 ndi K16,000, K12,000 yotsala ipite kwa otsatira. K5,600 ilipidwe pofika msonkhano wa Julayi, wochedwa idzadulidwa pa masheya ake. Koma zonsezi zikufuna anthu 16. A mlembi, yambani kulemba maina a omwe abwera.

Mlembi: Ndili ndi 13. Agogo, mubwera?

Agogo a ku Chawama: Ndibwera, koma wina andipezere mpando wakutsogolo. Za TPIN ija mukandifotokozerenso pang'onopang'ono.