Pa Chingeni: kukhotera kumanja ndi matani 30 kumbuyo

Freightliner Yoyera: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Uno ndi mwezi wachitatu chilandirire hosi ndi thelera, thiraki yaikulu yokoka ngolo ya katundu kumbuyo, kale ndinkayendetsa lole ya matani 7. Dzulo ndinatsala pang'ono kupha anthu pa Chingeni, pomwe msewu wochokera ku Balaka umakumana ndi M1. Ndimachokera ku Liwonde ndi feteleza, matumba 600, ulendo wa ku Lilongwe. Ndinafika pa mphambano cha m'ma 5 koloko madzulo n'kuima bwinobwino. Kumanzere, kochokera ku Zalewa, kunalibe kanthu. Kumanja kunkabwera basi yaikulu yochokera ku Ntcheu, itayatsa indiketa ya kumanzere, liwiro ikuchepetsa. Mumtima ndinati iyi ikukhotera ku Balaka, mpata ndi womwewu. Ndinalowa. Mutu wa hosi utangodutsa mzere wa pakati, kuseri kwa basi kunatulukira kagalimoto kakang'ono kakuovateka, kali mbali yomwe ine ndikulowayo. Kanamanga mabuleki mpaka matayala kufuka utsi, n'kukathera m'dothi. Basi ija sinakhote n'komwe. Imafuna kutsitsa munthu kupitirira mphambano, moti inaima pafupi zedi ndi matayala a thelera yanga. Palibe anavulala, koma mpaka pano chakudya sichikulowa. Lachinayi ndikudutsanso pomwepo. Ndinalakwitsa pati?

Thanki ya Beira: Pepani achimwene. Koma wolakwa ndi wa kagalimotoyo. Munthu wamutu wake angaovateke pa mphambano?

Madala a Nacala: Zoti analakwa sitikukana. Koma zikanachitika, a trafiki akanayamba ndi funso limodzi: anatulukira mu msewu waung'ono ndani? Wogona m'chitokosi akanakhala mphwathuyu.

Mphwanga, mvetsera. Pa misewu yathu ino indiketa ya kumanzere imayankhula zinthu zitatu. Imati ndikukhota, imati ndikuima, komanso ife a magalimoto akuluakulu timaiyatsa pouza wa m'mbuyo kuti dutsa, kutsogolo kuli bwino. Dzulo iwe unamva kuti basi ikukhotera ku Balaka. Wa kagalimoto anamva kuti wauzidwa adutse. Mwini wake wa basi amatanthauza kuti akaima kutsogoloko. Nyali imodzi, anthu atatu, aliyense ndi kumva kwake. Ine zaka zoposa 20 ndili pa msewu, nyali ndinasiya kuikhulupirira. Ndimayang'ana matayala akutsogolo. Akapendekera ku Balaka, mutu wa basi walowadi, apo ndiye yakhota. Ngakhale itakhota ndimadikirabe ichokeretu m'maso mwanga, ndione chimene chinabisala kumbuyo kwake. Kumbuyo kwa basi yoyenda pang'onopang'ono sikusowa munthu wotopa nayo.

Freightliner Yoyera: Ndamva madala. Koma nthawi imeneyo magalimoto saduka. Ukaima kwambiri a m'mbuyo amayamba mahutala, a kabaza akukudutsa uku ndi uku. Umaona ngati ndiwe mbuli.

Madala a Nacala: Oliza hutalawo ku polisi sadzakuperekeza.

Aphunzitsi: Ndifunseko achimwene. Mutasenza matani 30, kuchokera pamene mwaima mpaka mchira wa thelera utachokeratu mbali ya magalimoto ochokera ku Ntcheu, pamatenga masekondi angati?

Freightliner Yoyera: Sindinawerengepo aphunzitsi. Mwina 6 kapena 7.

Aphunzitsi: Pagona nkhani ndi pamenepo. Amenewo ndi masekondi a lole yanu yakale ija. Manja anasamukira pa hosi, koma maso akuyezabe mpata wa matani 7. Ndimaziona kwa ophunzira ambiri amene akwera kuchoka pa lole: mutu ukangowoloka, mumtima amati ndawoloka, pamene kumbuyo kwatsala galimoto yonse. Hosi ndi thelera pamodzi ndi mamita pafupifupi 18, ndipo mukunyamuka pa ziro, mukukhota, katundu akukukokani.

Tiwerengetsere limodzi. Galimoto yothamanga 80 imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Yothamanga 100 imadya pafupifupi 28. Tinene kuti inu mukufunika masekondi 15. Ndiye kuti wa 80 uja ayenera kukhala mamita 330 kuchokera pamene mulipo, wa 100 akhale mamita oposa 400. Amenewo ndi mabwalo a mpira anayi ondondozana. Tsono dzifunseni: mutaima pa mphambano paja, basi itatseka kumanja, mumaona mabwalo anayi? Ngati simukuona kutali chonchi, mpata mulibe, ngakhale pafupi panu paoneke poyera.

China, musamawerengere kuti wobwerayo amanga mabuleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Ndipo asanaponde n'komwe, sekondi imodzi kapena iwiri imapita akudabwa kaye.

Volvo ya Mzuzu: Eee, masamu afika pa gulu lero.

Aphunzitsi: Adikire, alipo ena. Akatswiri okonza misewu amawerenga malo amene njira za magalimoto zimakumana pa mphambano. Ya misewu inayi ili ndi malo 32. Ya misewu itatu, ngati ya pa Chingeni, ili ndi 9. Raundabauti ya misewu inayi ili ndi 8 okha, ndipo palibe wodula mnzake pakati, onse amazungulira mbali imodzi liwiro litatsika. Mwa malo 9 aja, oopsa kwambiri ndi a wokhotera kumanja, chifukwa iye yekha amadula njira ya ena kenako n'kulowanso njira ya ena. Ndi zimene mnzathuyu amachita pa Chingeni akamapita ku Lilongwe. Akanakhala wopita ku Blantyre bwenzi akungopinda kumanzere, nkhani yochepa.

Thanki ya Beira: Raundabauti musaitamandenso kwambiri aphunzitsi. Tsikirani ku Magalasi ku Blantyre mutasenza, mabuleki atatentha, mukaone ngati raundabauti ya Kameza imakusekererani.

Aphunzitsi: Zoona. Pamenepo mdani ndi mtsetse. Giya yotsika imasankhidwa pamwamba, osati Kameza akuoneka.

Makaniko wa ku Kanengo: Ine funso langa ndi la giya lomwelo. Munanyamuka ndi iti, ndipo munasintha muli pati?

Freightliner Yoyera: Ndinanyamuka ndi yotsikitsitsa, ndinasintha kawiri ndili mkati mokhota.

Makaniko wa ku Kanengo: Ndiye masekondi anu amathera pamenepo. Mukaponda kilachi thelera itapindika, matayala a kumbuyo akukhula pansi, galimoto imakhala ngati yagwidwa mwendo. Kusintha kulikonse mumataya liwiro lochepa lomwe munali nalo. Giya ikakana kulowa ndiye mwaima chopingasa pa M1. Pezani giya imene imanyamula katundu wanuyo popanda kupsereza kilachi, koma imakufikitsani tsidya musanasinthe. Galimoto iliyonse ili ndi yake, yeserani pa yadi. A magalimoto osintha okha magiya, muziika pa manyuwo musanalowe, kuti giya muzisankha nokha, chifukwa kompyuta siidziwa kuti kumanja kukubwera basi.

Koma chimene chimandiopsa ine ndi usiku. Taganizani: mwakhota, hosi yalowa kale mbali yake, nyali zikuwala kuloza ku Ntcheu. Wobwera kuchokera uko akuona nyali ziwiri zili mbali yoyenera, akuti ndi thiraki yongodutsa, sachepetsa. Nyali zanuzo zikumuthobwanso m'maso. Sakudziwa kuti kuseri kwa kuwalako thelera idakali chopingasa mu njira yake, yakuda bii, tenti yafumbi. Amaizindikira atafika. Magalimoto amene analowa pansi pa thelera ndawaonapo akubwera nawo pa galaja, denga kulibe. Choncho tepi yonyezimira ya m'mbali si yokondweretsa a trafiki pa rodibuloko. Ipukuteni ndi kansanza konyowa musananyamuke, ndipo tinyali ta m'mbali tonse tiziyaka. Kwa inu mbali yofunika pa Chingeni ndi ya kumanja.

Mayi a Thanki: Bambo, inenso ndiwonjezepo za nthawi. Kuchokera ku Balaka mumayenda choloza kumadzulo. Cha m'ma 5 dzuwa limakhala pa galasi penipeni, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July limalowera chakumpoto pang'ono, komwe mukufunika kuyang'anako. Galasi likakhala ndi fumbi ndiye basi, mumangoona chikasu. Ine ndikalongedza mochedwa ku Liwonde ndimalola kugona, ndidutse pa Chingeni m'mawa. Ndikafika ndimatsitsa magalasi onse awiri, wailesi zii. Njinga yamoto khutu limayamba kuimva diso lisanaione. Komanso muzisuntha mutu, kuweramira kutsogolo ndi kubwerera. Kalilole wa kumanja ndi chitsulo cha pakona pa kabini zimabisa wa kabaza yense ndi pasinjala wake.

Thanki ya Beira: Njira yachidule ilipo. Tsitsani wothandizira ndi kansalu kofiira akaimitse magalimoto, inu mulowe mwaufulu.

Madala a Nacala: Ayi, imeneyo ndikukana. Mwana wa eni ake umuimike pakati pa M1 madzulo, wopanda yunifolomu, pamaso pa munthu wothamanga 100? Ukayankha chiyani kwawo? Kuimitsa magalimoto ndi ntchito ya apolisi. Wothandizira akhale pa mpando wake, akuyang'anire kumanzere. Koma akati tiyeni, iwe yang'ananso wekha. Laisensi ndi yako.

Thanki ya Beira: Ife tachitapo kangapo, sizinavute.

Madala a Nacala: Mwachita mwayi kangapo.

Kale wa Minibasi: Ndiyankhuleko ine amene ndinachokera ku minibasi, poti pano timanyozedwa tsiku lililonse. Pa mphambano sitiimapo chifukwa cha misala. Anthu otsika kuchokera ku Blantyre ofuna ya ku Balaka, ochokera ku Liwonde ofuna ya ku Ntcheu, onse amaima pakamwa penipeni pa mphambano, kuti aone mbali zonse. Ukakaima patali mwaulemu, mnzako waima pakamwa watenga onse, iwe madzulo ukapereka chiyani kwa bwana? Pomwe pali anthu, mavenda afika, a kabaza afika. Ndi chimodzimodzi pa Zalewa, pa Tsangano, kulikonse komwe msewu umagawikana. Mphambano imasanduka siteji, siteji imasanduka msika. Ndiye achimwene, minibasi ikakutsekerani kumanja, musasuzumire ndi mutu wa hosi. Imbani hutala pang'ono, muuzeni kondakitala ndi dzanja asunthe. Ambiri amasuntha, thiraki amaiopa. Akakana dikirani, sakhalitsa.

Volvo ya Mzuzu: Pa Area 18 paja tinkataya nthawi yochuluka bwanji isanabwere intachenji, misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, mu 2020. Kapena tipemphe ina pa Chingeni, kkkk.

Adimini: Intachenji ndi maloto, koma malo oimapo mabasi otalikirako ndi pakamwa pa mphambano, ndi timizere togwedeza galimoto mbali zonse ziwiri, zimenezo n'zopempheka. Tilembe kalata ku Roads Authority ngati gulu. Amene muli ndi zithunzi za mmene pamakhalira madzulo tumizani, koma zojambula mutaima, osati chiwongolero chili m'manja.

Freightliner Yoyera: Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti. Lachitatu nditalongedza ndinapempha mlonda wa pa yadi andigwirire foni. Tinajambula mzere pansi ndi mwala. Kunyamuka monga ndimachitira kale, kusintha kawiri, masekondi 16. Ine ndimati 7! Kunyamuka ndi giya yotsatira osasintha mpaka thelera itawongoka, masekondi 12. Ndinayesa yokwererapo, kilachi inayamba kununkha, ndinaisiya.

Lachinayi ndinafika pa Chingeni cha m'ma 10 m'mawa. Ndisanalowe ndinachita kasewero: galimoto ikangotulukira kumanja ndimayamba kuwerenga mpaka itandidutsa. Ya katundu inatenga 19. Kagalimoto kena koyera 11 basi, kutanthauza kuti ndikanalowa katangooneka, kakanandipeza mchira usanachoke. Kenako kunabwera basi, indiketa ya kumanzere ngati tsiku lija. Ndinangogwira mabuleki. Iyi inakhotadi ku Balaka. Itangochoka m'maso, kumbuyo kwake kunali njinga yamoto, mayi ndi mwana kumsana atakwera, ikupitirira cha ku Zalewa. Sindinaione ngakhale pang'ono basi ili pamenepo. Ndinaima mphindi zinayi zonse, wa pikapu kumbuyo kwanga analiza hutala mpaka anatopa.

Aphunzitsi: Pa 12 wanuyo muziwonjezerapo atatu. Pa yadi palibe mantha, ndipo pansi ndi posalala. Tsiku la mvula yesaninso, mudzatiuze.

Makaniko wa ku Kanengo: Nanga tepi?

Freightliner Yoyera: Mbali ya kumanja inali itasupuka theka lonse, tinyali tiwiri tosayaka. Ndauza abwana, akuti ndigule abweza. Lisiti ndasunga.

Madala a Nacala: Isunge pouma mphwanga, yanga ya chaka chatha ikudikirabe. A Adimini, kalata ija akulemba ndani? Aphunzitsi ndi amene ali ndi masamu.