Ophunzira anga a ODeL angoti zii pa Moodle, ndipange bwanji?

Mphunzitsi wa Biology: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Semesita ino ndili ndi ophunzira a ODeL (ophunzira ali kwawo, kudzera pa intaneti) a chaka choyamba oposa 200, ambiri ndi aphunzitsi a ku pulayimale ofuna digiri. Tinaonana maso ndi maso milungu iwiri yokha, kenako aliyense kwawo. Manotsi ndinaika pa Moodle (tsamba la pa intaneti lophunzirirapo), forum yokambiranapo ndinatsegula, funso ndinaponya. Milungu itatu yatha, ayankha anthu 6 basi. Ku gulu la WhatsApp ndiye kuli phokoso, koma ndi "zikomo madam" ndi "malikisi atuluka liti". Dzulo mayi wina wandiimbira kuti akusiya, akuti akumva ngati akuphunzira yekha m'tchire. Zandikhudza.

Wa ICT: Madam, musanawanene ulesi, lowani ku Reports muone Logs. Mudzaona amene analowa, tsiku lake, ndi chomwe anatsegula. Ambiri amalowa kamodzi, kutsitsa PDF n'kuthawa, poti bandulo ya intaneti yonse ndi yodula kuposa ya WhatsApp yokha. Auzeni aike app ya Moodle pa foni. Akapeza netiweki atsitsiretu zonse za kosi, aziwerenga alibe intaneti. Ngakhale yankho la pa forum akhoza kulemba kumudzi, limadzatumizika netiweki ikabwera.

Dokotala wa za Maphunziro: Zimenezo n'zoona, koma ndikukayika ngati vuto lili pa makina. Achemwali, funso munaponya linali lotani?

Mphunzitsi wa Biology: Afotokoze kusiyana kwa mitosis ndi meiosis, njira ziwiri zomwe maselo amagawanikira.

Dokotala wa za Maphunziro: Eya, pamenepo. Yankho lake ndi limodzi ndipo lili m'buku. Woyamba akalemba, enawo anenenso chiyani? Afunseni chomwe aliyense anachionapo ndi maso ake. Mwachitsanzo: bwanji chimanga cha hybrid ukasunga mbewu yake n'kubzalanso chaka chinacho, mmera sufanana ndipo zokolola zimatsika? Wa ku Chitipa ali nayo nkhani yake, wa ku Nsanje yakenso, agogo awo ali ndi maganizo awo pa chimanga cha makolo. Akakangana mokwanira, meiosis mumailowetsa inu pamapeto, iwo atafuna kale kudziwa. Akatswiri a za maphunziro Garrison, Anderson ndi Archer ku Canada analemba mu 2000 kuti kalasi ya pa intaneti imafuna zitatu: ophunzira azidziwana ngati anthu, azisinkhasinkha limodzi, ndipo mphunzitsi azioneka kuti alipo. Inu mwawapatsa manotsi okha. Munthu sayankhula pa bwalo la anthu 200 osawadziwa, amaopa kusekedwa Chingelezi chake.

Wa ICT: Ndipo potsegula forum sankhani mtundu wa Q and A. Wophunzira saona mayankho a anzake mpaka atalemba lake. Zokoperana zimachepa.

Mphunzitsi wa Masamu: Ine ndinaphunzira movutikira mu 2020, masukulu atatsekedwa mwezi wa Marichi chifukwa cha Covid. Ndinayamba ndi Zoom, koma theka la kalasi limatuluka pakati, wina magetsi azima, wina bandulo yatha. Chomwe chinandithandiza ndi timagulu ta anthu 8 kapena 10, okhala boma limodzi, kuti akafuna azikumana pa sukulu ina Loweruka. N'chifukwa chakenso Mzuni ili ndi malo a ODeL ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje, kuti anthu azipeza pokumanira pafupi. China, Lolemba lililonse ndimatumiza voice note ya mphindi ziwiri, ndimatchula mayina a awiri kapena atatu omwe anayankha bwino. Wina anandiuza kuti anamvetsera katatu, anawamveretsanso akazi ake.

Mphunzitsi wa Accounting: Pepani, ndisokoneze pang'ono. Zonsezi n'zabwino, koma adzakuimbirani 11 koloko usiku madam, ndipo maola amenewo palibe amene amawawerengera. Gulani SIM ina ya ntchito, gulu lalikulu muike kuti otumiza ndi ma admin okha, ndipo munene poyera masiku ndi nthawi yomwe mumayankha. Chinanso chomwe sitimachikamba: m'timagulu timeneti amuna ena akapeza manambala amayamba kuvutitsa amayi ku inbox. Lamulo mulinene tsiku loyamba, ndipo pa atsogoleri a magulu amayi asasowe.

Dokotala wa za Maphunziro: Apo mwalasa achimwene, ndinaiwala.

Mphunzitsi wa Biology: Ndabweranso, patha masiku khumi. Logs zinaonetsa kuti anthu 41 sanalowepo n'kamodzi komwe. Atsogoleri a magulu atawafunsa, ambiri vuto linali password, ankachita manyazi kunena. Funso la chimanga lija layankhidwa ndi anthu oposa 70, mpaka awiri akukangana za mbewu ya kwa agogo, ndawasiya kaye. Mayi uja sanalonjeze kanthu, wangoti aona mwezi ukatha, koma gulu lake la ku Dedza lakumana kale kamodzi. Chandivuta tsopano ndi kuwerenga zonsezi ndekha. Ndipereke malikisi pa forum kapena ayi?

Mphunzitsi wa Masamu: Pang'ono chabe, a kutenga mbali, osati kuchonga mzere uliwonse. Gulu lililonse lizitumiza chidule chimodzi pa mlungu, muziwerenga chimenecho.

Wa ICT: Mndandanda wa 41 aja nditumizireni mawa m'mawa ku ofesi, osati pa gulu lino.