Kabokosi kanga kang'aluka pansi, ndalakwitsa pati abale?

waku_Thyolo:

Moni nonse, makamaka inu amene munagwirako za matabwa. Ine si kalipentala ayi, ndimagwira mugalaji ku Booysens, zamatabwazi ndimangopanga Lamulungu masana kuseri kwa nyumba yomwe tikuchita lendi ku Rosettenville kuti mutu uzipumako. Zida zanga ndi sowo imodzi, matchizulo awiri, sikweya, hamala ndi kapuleni kakale komwe ndinagula kwa mdala wina wogulitsa zakale, basi.

Nde mu February muja ndinapanga kabokosi, mulitali 30cm, mulifupi 20cm, kuya 12cm, koti mayi anga kumudzi azisungamo chiphaso, buku la kuchipatala ndi khadi la mpingo, poti panopa zonsezi zimakhala mu jumbo pansi pa matiresi ndipo chaka chatha makoswe anadya theka la buku la kuchipatala lija. Matabwa ndi a paini opalapala kale aja amagulitsa mu hadiweya. Makona ndinadula mopendeka pa madigiri 45 kuti akumane ngati felemu ya chithunzi, pansi ndinaika thabwa limodzi lathunthu ndikulimata guluu mbali zonse zinayi, kuonjezera timisomali kuti kalimbe zenizeni. Chivindikiro nachonso thabwa limodzi, mahinjesi awiri. Ndinapaka vanishi kunja, kanawala mpaka madam anga omwe poyamba ankandiseka kuti "bokosi limeneli ndi la ndani, mwamva uthenga wanji kumudzi" anayamba kufuna kuti kakhale kawo ka ndolo.

Tsono sabata yathayi usiku tili gone tinangomva kuti tswa! pamwamba pa wadiropu. M'mawa kukaona, thabwa la pansi lang'aluka kuchokera uku mpaka uko, makona awiri ayasama moti khadi la ku banki likulowa, chivindikiro chapindika ngati chipande sichikutsekanso. Palibe anakagwetsa, sikananyowe. Vuto ndi guluu kapena anandigulitsa matabwa oola? Ndikufuna ndipange kena kuti ndikapereke ndekha mu December ndikamapita.

malume_a_ku_Ndirande:

Achimwene pepani, koma guluu musamunamizire, wagwira ntchito yake mopitirira muyezo ndiye chifukwa chake thabwa lang'aluka. Akanakhala guluu wofooka bwenzi atangomatuka yekha thabwa lili bwinobwino.

Ine ndinaphunzira ntchitoyi ku Ndirande ndili mnyamata, panopa ndimaika makabati a m'khitchini kuno ku Randburg, ndipo chinthu choyamba chomwe Joni inandiphunzitsa ndi chakuti thabwa limapuma. Ngakhale mtengo unadulidwa kalekale, thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya nkufufuma, mpweya ukauma nalo limakhwinyata. Inu munapanga mu February mvula ikugwa pafupifupi madzulo aliwonse, thabwa litakhuta. Pano ndi July, onani milomo yanu momwe yang'ambikira, onani zovala momwe zikuumira pachingwe ngakhale kukuzizira. Johannesburg ili pamtunda, mamita cha m'ma 1,750, ndipo June, July, August mvula kulibe, mpweya ndi wouma gwa, kuonjezera hita yomwe mumayatsa kuchipinda. Zomwe zachitikira milomo yanu ndi zomwe zachitikira thabwa.

Tsono chinsinsi chili apa, thabwa silifupika mulitali, kumeneko ndi pang'ono zedi moti simungaone, limafupika mulifupi, mopingasa mizere yake ija. Thabwa la paini la 20cm likhoza kubwerera mamilimita 2 kapena 3 pakati pa dzinja ndi nthawi yozizira ino. Inu munalimanga mbali zonse zinayi, likufuna kubwerera koma mwaligwira manja ndi miyendo, lipanga bwanji? Lang'ambika pakati, ndipo pokoka paja lakokanso makona anu.

Kachiwirika pangani chonchi. Musanamate mbali zinayi zija, semani kamsewu mkati mwake cha m'munsi, kuya mamilimita 5 kapena 6, thabwa la pansi lizilowa m'kamsewumo lokha opanda guluu ngakhale dontho, ndipo mulidule mopereweza pang'ono mulifupi kuti likhale ndi poyendera. Mulibe mashini, palibe kanthu, lembani mizere iwiri ndi mpeni motsatira rula yachitsulo, dulani pang'ono ndi sowo, chotsani zapakati ndi tchizulo kakang'ono, ndi ntchito ya Lamulungu limodzi. Ngati ulesi wakugwirani ikani pulayiwudi ya 4mm kapena 6mm, imeneyo siyenda chifukwa timapepala take anatimata mopingasana, mukhoza kumata momwe mukufunira.

Chivindikiro chapindika chifukwa mwanena nokha kuti vanishi munapaka kunja kokha. Mbali yamkati ikuuma msanga, yakunja yatsekedwa, ndiye thabwa likupindikira komwe kukuuma. Chomwe mwapaka kunja pakaninso mkati, makoti ofanana.

jah_wa_Mayfair:

kkkkkk koma madam anuwo andipha, bokosi la ndani eti. Ase ine ndikuona ngati mukuzivutitsa, gulani supawood, matabwa a utuchi wopanikiza aja, akuduliretu pa mashini ku shopu komweko, guluu, misomali, penti, mwamaliza ola limodzi ndipo siing'aluka olo kuzizire bwanji. Ine shelefu yanga ya TV ndi ya supawood chaka chachitatu ichi ili nganganga. Kapenanso kungogula chitini cha mabisiketi, makoswe sadya chitini, agogo anga ndalama zawo zonse za fodya zinkakhala m'chitini ndipo palibe tsiku chinang'aluka

malume_a_ku_Ndirande:

Mphwanga wa ku Mayfair, za chitinizo sindikutsutsa kkkk. Koma supawood ku Thyolo ayi. Ine ndimaigwira tsiku ndi tsiku, ndi utuchi wopanikiza ndi guluu, ikangolawa madzi m'mphepete imatupa ngati buledi woviika mu tiyi ndipo siibwereranso. Nyumba ya kumudzi nthawi ya mvula, pansi ponyowa, denga lodontha penapake, chaka chimodzi sikatha. Komanso sikuluwu ya hinjesi m'mphepete mwa supawood siigwira, imangong'amba. Ndipo mnzathuyu sanafunse njira yachidule, akanafuna zachidule bwenzi atagula kapulasitiki ku China Mall.

Ndinaiwala za makona. Kona ya 45 ndi yokongola koma ndi yofooka, chifukwa mukumata mutu wa thabwa ndi mutu unzake, ndipo kumutu thabwa lili ngati mtolo wa timapaipi, limamwa guluu yense pamalo nkutsala pouma. Muzipaka kaye guluu wochepa, mudikire mphindi zingapo amwe, kenako mupakenso wina nkumata. Guluu woyera wamba uja kuno amamutchula cold glue ndi wokwana, musataye ndalama pa zina. Akauma, dulani ndi sowo timipata tiwiri kapena titatu mopingasa kona iliyonse, mulowetsemo tizidutswa topyapyala ta thabwa lina ndi guluu, mawa lake musalaze ndi tchizulo. Tizidutswato ndi amene amagwira kona, ndipo mukaika ta mtengo wakuda pa paini woyera anthu amaona ngati ndi maluwa mwakongoletsa dala.

Makilampu, zopanira matabwa guluu akamauma zija, ngati mulibe musadandaule. Yalani mbali zinayi zija pa tebulo mondondozana, kunja kuli m'mwamba, mata tepi ya pepala pamene zikukumana, tembenuzani, pakani guluu, pindani ngati mukupinda mphasa, kenako kulungani ndi mphira wa chubu ya njinga, womwe uja timamangira thumba la makala pa kaliyala. Guluu asanagwire yezani ndi tepi kuchokera kona iyi kufika kona yoyang'anana nayo, kenako inayo, manambala akafanana ndiye kuti bokosi lili sikweya, akasiyana kankhani kona yotalikayo pang'ono.

nachisale_Kempton:

Ine ndingoonjezako ziwiri poti nanenso ndimapanga timabokosi ta ndolo ndi mathileyi, ndinayamba nthawi ya lockdown mu 2020 abwana atatiuza kuti tikhale kaye kunyumba. Choyamba, matabwa mukagula musawadule tsiku lomwelo. Aikeni m'chipinda chomwe mumagona masabata awiri, mutaika timitengo pakati pake kuti mpweya uzidutsa, azolowere kaye. Ine anga amakhala pansi pa bedi, bambo a kunyumba anadandaula mpaka anatopa. Posankha muziyang'ana kumutu kwa thabwa, mizere ija ikakhala yoimirira thabwalo silipindika kwambiri, ikakhala yokhota ngati utawaleza limenelo ndi chipande chamawa.

Chachiwiri chivindikiro. Ine ndinavutika miyezi kuyesa kupanga chivindikiro pachokha kuti chifanane ndi bokosi, sizimatheka, pena chatsala pena chapitirira. Njira yake ndi kumanga bokosi lonse lotsekeka, pansi ndi pamwamba zonse zili m'timisewu tomwe malume anena, likauma mulembe mzere kuzungulira cha m'ma 3cm kuchokera pamwamba nkulidula ndi sowo pang'onopang'ono mbali imodzi imodzi. Mtima umagunda ndithu podula chinthu choti wachivutikira, koma chivindikiro chimakhala ndendende chifukwa ndi thupi limodzi. Mabala a sowo mumachotsa pomata sandipepa pa galasi kapena pa thailosi nkumakhutiza bokosilo pamenepo, kuyamba ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 120 kenako 180 kenako wosalala wa 220, musalumphe.

Timasikuluwu ta mahinjesi tachikasu tija ndi tofewa, timaduka mutu ukatikakamiza, ine ndinalira nako kamodzi katadukira mkati. Boolani kaye ndi kamsomali, pakani sikuluwu pa kandulo kapena sopo ndiye muzimanga.

Ngati mukuganiza zotola mapaleti, matabwa osanjikirapo katundu aja, onani chidindo pambali, HT ndiye kuti anawotcha ndi kutentha chabe, ameneyo ndi bho, MB ndi mankhwala a methyl bromide musiyeni pomwepo. Ndipo ngati mupake linseed oil m'malo mwa vanishi, kansanza komwe mwapakira musakaunjike pakona, kamatha kutentha kokha nkuyaka, kayanikeni panja kotambasula. M'nyumba za lendi zathuzi moto si nkhani yoseweretsa.

waku_Thyolo:

Zikomo kwambiri malume, zikomo achemwali, ndawerenga kawiri kawiri. Ndapita kukayeza thabwa long'alukalo, mng'alu wake ndi pafupifupi mamilimita 2 ndendende momwe mwanenera, manyazi andigwira chifukwa hadiweya ija ndinaitukwana mumtima sabata yonse. Jah chitini ndakumva koma mayi anga akalandira chitini kuchokera ku Joni chopanda mabisiketi mkati nkhani yake ikafika mpaka ku mpingo.

Funso lina malume, paini ndi wofewa, chikhadabo chokha chikusiya chizindikiro. Kwathu bambo anga anali ndi mpando wa mlombwa womwe mpaka lero ulipo, kuno mtengo ngati umenewo ungapezeke? Ndikafunsa kuti mlombwa amangondiyang'ana.

malume_a_ku_Ndirande:

Amangokuyang'anani chifukwa kuno dzina lake ndi kiaat, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa, koma ndi mlombwa wathu womwe uja wotuluka utomoni wofiira ngati magazi ukautema. Ine tsiku loyamba kuupala kuno ndinauzindikira ndi fungo ndisanaone nkomwe dzina, ndinaima kaye puleni ili m'manja, ndinakumbuka shedi yathu ya ku Ndirande ndi abwana anga akale omwe ankatimenya ndi rula tikaika puleni chogoneka pa mpeni wake. Mu hadiweya wamba simuupeza, pitani kwa ogulitsa matabwa olimba, mufunse zidutswa zotsala, ma offcut, kabokosi ka 30cm sikafuna thabwa lathunthu ndipo lathunthulo mtengo wake mukhoza kukhala pansi. Ubwino wa mlombwa ndi woti suyendayenda kwambiri nyengo ikasintha, ndiye chifukwa chake mpando wa bambo anu ulipobe, komanso chiswe sichiukonda. Sankhani wofiirira wa pakati, woyera wa m'mphepete uja ndi umene tizilombo timafukula. Muwapemphe akuchepetsereni kufika 10mm kapena 12mm, kabokosi kakang'ono ka matabwa a 22mm kamaoneka ngati kosungira njerwa. Fumbi lake limayetsemulitsa, mangani kansalu kumphuno.

Koma ndikupempheni, mlombwawo musayambe nawo. Pangani kaye kena ka paini, mulakwitse timisewu pamenepo, madam atenge ka ndolo kaja akhala akukafuna, kachitatu ndiye ka mayi.

Ndipo kumbukirani komwe kakupita. Mukapanga mu August kapena September kuno thabwa lili louma kotheratu, kenako mu December mukwera nako basi, Beitbridge, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, Mwanza, kukafika ku Thyolo mvula ili pakati, nkhungu m'minda ya tiyi m'mawa uliwonse. Kumeneko zichitika mosemphana ndi zomwe mwaonazi, thabwa likamwa nkufufuma. Ndiye m'timisewu muja musiye mpata wokwanira mbali zonse ziwiri, osachepera mamilimita 2, ndipo ngati muike kathileyi mkati kapena kamlomo kogwira chivindikiro, kazilowa momasuka, kakamagwedera pang'ono kuno ndiye kuti kwanu kakakhala bwino. Mukathinitsa kuti kazimveka bwino m'manja muno mu Rosettenville, pofika January mayi akatsegula ndi mpeni.

jah_wa_Mayfair:

nde kong'alukako mukataya? ndipatseni ine ndiziikamo ma charger, ndidzadutsa Loweruka