Kodi jakisoni wochititsa dzanzi angayambitse njoka zam'mimba?

Mayi wa ku Nchalo: Mwana wanga anabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi wa lidocaine pomuzula dzino, ndipo patangotha sabata ndinaona tizidutswa toyera taphanthiphanthi m'chimbudzi chake. Kodi jakisoniyo ndiye wachititsa?

Namwino wa ku Nsanje: Ayi mayi, lidocaine amangochititsa dzanzi pamalo pamene wabayidwa. Tizidutswato tingakhale ta njoka yam'mimba yaphanthiphanthi. Njoka yotereyi imalowa m'thupi munthu akadya nyama ya nkhumba kapena ya ng'ombe yosapsa bwino, ndipo imatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti ikule, choncho inalimo kale. Pitani naye kuchipatala akamuyeze.

Bambo wa ku Bangula: Musachedwe mayi, chifukwa mazira a njoka yochokera ku nkhumba akamezedwa amatha kuyambitsa khunyu.