Ndani amandiposa mtengo nthawi yomweyo pa okushoni ya pa intaneti?

Nachisale

Ndikupempha inu amene mumagula katundu pa okushoni ya pa intaneti kuti mundimasulire zimene zinandichitikira sabata yatha, chifukwa mpaka lero sindikuzimvetsa. Pa tsamba lina ndinapeza makina akale osokera omwe ndakhala ndikuwafunafuna, ndipo mtengo unali pa madola 40, kutatsala masiku atatu kuti malonda atsekedwe. Ndinalemba 45, koma ndisanachotse n'komwe chala pa batani, uthenga unafika wakuti wina wandiposa ndipo mtengo wafika pa 46. Ndinalemba 50, mtengo unalumphira pa 51. Ndinalemba 60, unalumphira pa 61. Nditapsa mtima ndinalemba 75, ndipo apa ndinatsogola, ngakhale kuti chodabwitsa n'chakuti mtengo unaima pa 71. Ndinakhala patsogolo masiku awiri, koma kutatsala masekondi owerengeka, munthu amene sanaonekepo chiyambire malondawo anatenga makinawo pa 76. Kodi panali munthu amene ankandilonda usana ndi usiku, kapena anali mwini katundu yemweyo akukweza dala mtengo? Nanga kulowerera kumapeto chonchi n'kololedwa?

Mlauzi

Mayi Nachisale, amene ankakuposaniyo mwina anali m'tulo nthawi imeneyo, chifukwa ntchitoyo inkagwiridwa ndi kompyuta ya tsambalo. Masamba ambiri, kuphatikizapo eBay yomwe Pierre Omidyar anayambitsa mu 1995, amatenga nambala imene mwalemba ngati malire anu, kutanthauza ndalama zimene simungapyole. Malirewo amasungidwa mobisa, ndipo kompyuta imakupikisanirani pang'onopang'ono, n'kumangowonjezera kandalama kokwanira kuti mukhalebe patsogolo. Pa eBay, mtengo ukakhala pakati pa madola 25 ndi 99.99, kandalamako ndi dola imodzi, ndipo ukafika 100 kamakwera kufika pa madola 2.50.

Tikaona manambala anu, zikuonekeratu kuti mnzanu woyamba uja anali ataika malire a madola 70 inu musanafike. Mutalemba 45, kompyuta inamuyankhira ndi 46, ndipo zinapitirira choncho mpaka mutapyola 70. N'chifukwa chake mutalemba 75 mtengo unaima pa 71, omwe ndi malire a mnzanuyo kuphatikizapo dola imodzi. Womaliza uja naye sitikudziwa kuti analemba zingati. N'kutheka kuti analemba 76, n'kuthekanso kuti analemba 200, ndipo mulimonsemo akanalipirabe 76, popeza wopambana amalipira malire a munthu wachiwiri ndi kandalama kowonjezera kaja. Choncho musadzipweteke mtima poganiza kuti munaluza ndi dola imodzi yokha.

Kachitidwe aka kamafanana kwambiri ndi mtundu wa okushoni umene katswiri wa zachuma William Vickrey anaufotokoza mu 1961, iye amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1996. Mfundo yake inali yakuti ngati wopambana amalipira mtengo wa wachiwiri, wogula sapindula kanthu pobisa mtengo weniweni umene ali nawo mumtima. Ine langizo langa ndi lakuti mukhale pansi, muganizire ndalama zimene mungapereke popanda kudandaula mawa lake, muzilembe kamodzi n'kuchokapo. Ubwino wina wofulumira ndi wakuti anthu awiri akalemba malire ofanana, amapambana ndi amene anayamba kulemba.

Phiri wa Mawotchi

A Mlauzi afotokoza bwino za kompyuta, koma pa nkhani yolemba msanga ndisiyana nawo. Ine ndakhala ndikugula mawotchi akale kwa zaka zambiri, ndipo ndinaphunzira kuti ukaika malire ako kudakali masiku, umapatsa mpata anthu onga Mayi Nachisale (pepani mayi, sindikunyoza) oti azigogoda pang'onopang'ono, 45, 50, 60, mpaka atakukwezera mtengo kapena kukupyola kumene. Taonani zimene zinamuchitikira wa 70 uja: akanadikira, mwina mayiwa akanakhutira ndi 45 yawo yoyamba ija, osawonjezeranso.

Kulowerera kumapeto kumatchedwa sniping, ndipo pa eBay n'kololedwa, moti pali mapulogalamu amene ntchito yawo ndi kukulemberani mtengo kutatsala masekondi ochepa. Kumatheka chifukwa malonda a kumeneko amatsekedwa pa nthawi yoikika, ngakhale anthu akadali mkati mopikisana. Masamba ena amachita mosiyana, pakuti wina akalemba mtengo kumapeto amawonjezera mphindi zingapo kuti ena ayankhe. Akatswiri a zachuma Alvin Roth ndi Axel Ockenfels anayerekeza njira ziwirizi m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2002, poona eBay ndi okushoni ya Amazon ya nthawi imeneyo, yomwe sinkatseka mpaka patadutsa mphindi 10 popanda wolemba mtengo wina, ndipo anapeza kuti kudikira mapeto kunali kofala kwambiri pa eBay. Choncho musanayambe kupikisana, werengani malamulo a tsambalo kuti mudziwe mmene limatsekera.

Ndivomereze kuti njira yangayi ili ndi ngozi yake. Tsiku lina intaneti inandidukira kutatsala masekondi 20, ndipo wotchi imene ndinaidikira sabata yathunthu inapita pa mtengo wosafika ndi theka lomwe la ndalama zimene ndinakonza.

Nasibeko

Palibe amene wayankha mokwanira funso lakuti kodi mwini katundu angakweze yekha mtengo. Zimachitika ndithu, kudzera m'dzina lachinyengo kapena mwa mnzake, ndipo masamba odalirika amaletsa zimenezi, pomwe m'mayiko ambiri ndi mlandu. Zizindikiro zake ndi monga wopikisana amene amangoonekera pa katundu wa wogulitsa mmodzi yekha koma osapambana, kapena amene amapyola malire anu kenaka n'kubweza mtengo wake atadziwa pamene mwalekezera. M'nkhani yanu, mayi, sindikuonamo zotere.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi ndalama zimene sizioneka pa mtengo umene mukupikisanirawo. Makina osokera ndi chitsulo cholemera, ndipo mtengo wotumizira ukhoza kuposa wa makinawo, osawerengera msonkho ngati akuchokera kunja kwa dziko limene muli. Pa masamba a nyumba za okushoni pamakhalanso ndalama ina imene wogula amawonjezera pamwamba pa mtengo wopambanira. Nyumba za okushoni za Christie's ndi Sotheby's zinayamba kulipiritsa ndalama imeneyi ku London mu 1975 pa 10 peresenti, koma masiku ano nyumba zambiri zimatenga 25 peresenti kapena kuposa, ndiye kuti wopambana pa 100 amapezeka akulipira 125 katundu asananyamulidwe n'komwe. Nthawi zinanso wogulitsa amaika mtengo wobisika umene sangagulitse pansi pake, moti mukhoza kuposa anzanu onse koma katundu osakupatsani. Kumbukiraninso kuti mtengo umene mwalemba ndi lonjezo lakuti mugula, ndipo wokana kulipira atapambana akhoza kuletsedwa kupikisananso.

Nachisale

Zikomo nonse. Ndawerengera tsopano, ndipo ndapeza kuti ndi mtengo wotumizira makina aja akanandidyera ndalama zoposa zimene ndinali nazo m'maganizo, chifukwa 75 ija ndinailemba ndi mkwiyo osawerengera chilichonse. Komabe a Mlauzi ndi a Phiri mwandisiya pa mphambano: ndizilemba msanga kapena kumapeto?

Mlauzi

Zitengera mmene tsambalo limatsekera komanso mmene mumadzidziwira. Kumene amawonjezera nthawi, kudikira sikuthandiza kwenikweni, choncho lembani pamene mwakonzeka. Kumene amatseka pa nthawi yoikika, a Phiri akunena zoona kuti kudikira kungakupulumutsireni ndalama, bola nambala mukhale mutaisankhiratu ndi mtima wozizira, mutachotsapo kale zotumizira ndi msonkho, ndipo musaisinthe wotchi ikayamba kuthamanga. Pewaninso manambala athunthu, popeza anthu ambiri amalekezera pa 70 kapena 75. Mukalemba 75.60, amene anaika 75 mwamuposa ndi masenti 60 okha, ndipo makinawo ndi anu.